Asanakhale mayina a misewu anali matelala ndi alonda

M'mawa uliwonse ndimatsika tekisi pa renki ya Bree n'kuyamba wapansi kulowera ku Fordsburg kumene ndimasoka zovala. Msewu umene tonse timangoti Bree uja pa chikwangwani panalembedwa kuti Lilian Ngoyi. Ndinaupondaponda zaka zingapo osadzifunsa kuti mayiwa anali yani. Mumtima ndinkangoti ndi mmodzi mwa akuluakulu a dziko lino, anthu aja timawaona ngati anabadwa ndi ulemerero wawo kale. Tsiku limene ndinamva kuti ankagwira ntchito pa makina osokera mu fakitale ya zovala, ndinaimitsa makina anga n'kukhala kaye duu.

Mayi Ngoyi anali telala ngati ine, wamasiye, wolera ana ndi malipiro a mu fakitale. Analowa m'bungwe la osoka zovala, kenako mu ANC, ndipo pa 9 August 1956 anali kutsogolo kwa amayi pafupifupi 20,000 amene anapita ku Union Buildings ku Pretoria kukakana malamulo a mapasi. Anali limodzi ndi Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophie de Bruyn, ndipo onse anayiwo lero ndi mayina a misewu ya pakati pa tauni ya Johannesburg. Boma litawaletsa kuyenda ndi kusonkhana ndi anthu, Mayi Ngoyi anatsekeredwa kunyumba kwawo ku Orlando zaka zambiri. Chakudya ankachipeza ndi makina omwewo, kusoka timaoda ta apo ndi apo, mpaka anamwalira mu 1980 ali wosauka. Pa chikwangwani cha msewu palibe malo olembapo zimenezi.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufufuza ntchito zimene anthu timawatcha ngwaziwa ankagwira asanatchuke, ndipo zimene ndinapeza ndi ntchito zathu zomwezi, zimene Amalawi timagwira kuno ku Joni. Nelson Mandela atafika mu mzinda uno mu 1941, akuthawa ukwati umene anamukonzera kwawo, ntchito yake yoyamba inali ya ulonda ku Crown Mines, ndipo sanakhalitse, anamuchotsa zitadziwika kuti ndi wothawa. Anachita lendi kachipinda ku Alexandra. Ku yunivesite ya Wits analephera mayeso a zamalamulo, ndipo digiriyo anadzaimaliza mu 1989 ali m'ndende. Mu 1961, pobisala ku famu ya Liliesleaf ku Rivonia, ankavala ovololo n'kumadzitcha David Motsamayi, wantchito wa pakhomo, ndipo anthu odutsa ankangomuona ngati mmene amationera ife tikamathirira maluwa ku Sandton. Ku Sandton komweko lero kuli chiboliboli chake chotalika mamita 6. Ukaimirira pansi pake umaona ngati munthu uyu sanadandaulepo za lendi.

Walter Sisulu, amene anamupezera Mandela ntchito kwa maloya, anagwirako ku mgodi, ku bekale ndi m'nyumba za azungu. John Chilembwe wathu, amene nkhope yake ili pa K500 ndi pa K2,000, anayamba ngati wantchito wa m'nyumba ya mmishonale Joseph Booth mu 1892, kuphika ndi kulera mwana. James Sangala wa pa K100 anali kalaliki ndi womasulira, ndipo nthawi ina ankaumba njerwa zogulitsa.

Wina anena kuti zimenezi n'zodziwikiratu, aliyense amayambira pansi. Zoona. Koma kachitidwe kathu kamaonetsa kuti mumtima sitikhulupirira. Mverani mmene timayankhulira pa magulu athu a WhatsApp mitengo ikakwera kumudzi kapena mafuta akasowa: "Malawi akufunika Kamuzu wina." "Akanakhalapo Chilembwe." Kuno anzathu nawo amati akanakhalapo Madiba zinthu sizikanafika apa. M'mawu amenewa muli ulemu, komanso muli kusamba m'manja. Tikanena kuti zinthu amasintha ndi anthu apadera, ndiye kuti ife tadzichotsamo. Telala asoke, mlonda alondere, ndipo tonse tidikire kuti Mulungu atitumizire wina.

Ife Amalawi ndiye tikuyenera kuchenjera kuposa onse, chifukwa mawu akuti ngwazi tinawaona atasanduka dzina la munthu mmodzi, ndipo tikudziwa chimene chinatsatira.

Hastings Kamuzu Banda anali mtchona ngati ife. Anachoka ku Kasungu ali mnyamata, anasesako m'chipatala ku Hartley ku Southern Rhodesia, kenako anafika ku Witwatersrand Deep Mine ku Boksburg, mtunda wochepa kuchokera pamene ndikulembera pano, kumene anagwira ntchito ya ukalaliki ndi yomasulira. Mpingo wa AME ndiwo unamuthandiza kupita ku America mu 1925. Anaphunzira udokotala, anagwira ntchito ku Britain ndi ku Ghana, ndipo anabwerera kwathu pa 6 July 1958 atakhala kunja zaka zoposa 40, Chichewa chitamuthawa mpaka ankayankhula kudzera mwa womasulira. Amene anamuitana anali anyamata a chipani cha Nyasaland African Congress, Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza. Iwowa anaona kuti anthu akumidzi ndi mafumu sangamvere anyamata, pakufunika munthu wa imvi ndi madigiri. Tsono anachita kupangana kuti amukweze ngati mpulumutsi. Chipembere anamulembera Banda kumuuza zimenezi asanafike n'komwe, kuti asadabwe akadzaona akulandiridwa ngati mesiya. Ungwazi wa Kamuzu unachita kuwumbidwa ndi anthu, pa zifukwa zimene panthawiyo zinkaoneka zanzeru.

Ndipo unagwiradi ntchito. Chitaganya chinatha, dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964. Koma patangotha miyezi iwiri, nduna zitayesa kumuuza kuti apa bwana mwalakwa, zinapeza kuti palibenso njira yomudzudzulira munthu amene iwo eni anauza dziko lonse kuti salakwa. Chipembere anafera ku America mu 1975. Chiume anakhala ku Tanzania zaka 30. Rose Chibambo, mayi amene anasonkhanitsa amayi a Congress, amene anamangidwa mu 1959 atangochira kumene n'kulowa m'ndende ya Zomba ndi khanda kumanja, naye anathawira ku Zambia ndipo anabwerera patatha zaka 30. Lero ali pa K200, koma ana a sukulu a m'zaka zimenezo sanaphunzitsidwe dzina lake. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo n'kudzamupatsa mpando atatuluka, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mu 1971 Ngwazi inakhala Pulezidenti Wamuyaya. Mu May 1983 Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto.

Sindikulemba izi kuti ndifafanize misewu, zipatala ndi sukulu zimene zinamangidwa m'nthawi yake. Makolo anga amazitchula ndipo sanama. Chimene ndikunena n'chakuti munthu mmodzi yemweyo, kalaliki wa ku Boksburg uja, ndiye anachita zonsezo, zabwino ndi zoopsa, ndipo zoopsazo zinakula chifukwa dziko linaleka kumuona ngati munthu. Munthu umatha kumufunsa kuti ndalama zapita kuti. Mpulumutsi sumufunsa, umangomuvinira. Matenda amenewa sanathe mu 1994. Chisankho chilichonse timasaka wina woti timupatse mayina a m'Baibulo, ndipo akatikhumudwitsa timasakanso wina, osafunsa kuti bwanji makhansala, aphungu ndi ife eni ovota sitinagwire mbali yathu.

Pali munthu wina amene ndimafuna Mmalawi aliyense wa kuno amudziwe, chifukwa nkhani yake ndi yathu kuposa ina iliyonse. Clements Kadalie anabadwa mu 1896 ku Chifira, kufupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay. Anaphunzira ku Livingstonia, anaphunzitsako pang'ono, ndipo mu 1915 ananyamuka kukasaka ntchito, kudzera ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia, mpaka anafika ku Cape Town mu 1918. Analibe chuma, analibe abale a maudindo, ndipo zinenero za kuno sankaziyankhula, pa misonkhano ankadalira Chingerezi ndi omasulira. Mu January 1919 anayambitsa bungwe la antchito lotchedwa ICU ndi kagulu kochepa ka anthu ogwira ntchito padoko. December wa chaka chomwecho antchito a padoko ananyanyala ntchito. Mu 1920 boma linalamula kuti amuthamangitse m'dziko muno ngati mlendo wovuta, koma lamulolo linabwezedwa. Pakati pa zaka za m'ma 1920 likulu la bungweli linasamukira kuno ku Johannesburg, ndipo pofika 1927 mamembala ake anali pafupifupi 100,000, ambiri a iwo antchito a m'mafamu amene panalibe wina wowayankhulira. Panthawiyo ICU inali yaikulu kutalitali kuposa ANC.

Ganizirani bwino. Bungwe loyamba lalikulu la antchito akuda m'dziko lino anayambitsa ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay, munthu amene lero pa tekisi akanamutcha kwerekwere.

Koma nkhani yake ili ndi mbali yachiwiri, ndipo imeneyi ndi imene yandiphunzitsa zambiri. ICU inagwa msanga ngati mmene inakwerera. Ndalama za mamembala sizinkasungidwa bwino, atsogoleri anayamba kulimbana, Kadalie anasemphana ndi A.W.G. Champion wa ku Natal ndipo nthambi ya kumeneko inapatuka mu 1928. Anthu a m'mafamu amene analipira makadi poyembekezera malo ndi malipiro abwino sanaone kusintha kumene analonjezedwa. Kadalie mwini anatula pansi udindo mu 1929, anakakhala ku East London akutsogolera kabungwe kakang'ono, ndipo anamwalira mu 1951. Aliyense amene anakhalapo m'komiti ya chama cha maliro kapena ya mpingo kuno akuzidziwa zimenezi: msungichuma wopanda malisiti, wapampando wosafuna kufunsidwa, kagulu kopatuka kukayamba zake. Kadalie akanakhala mngelo, sitikanaphunzirapo kanthu. Popeza anali munthu, tikhoza kuona pamene anakhoza n'kutengera, ndiponso pamene anapunthwa n'kupalambalala. Mbiri yopukutidwa bwino imatibisira malo openipeni amene munthu amagwera.

Chimodzimodzi Chilembwe. Pa 15 January timamva za kulimba mtima kwake, koma kawirikawiri sitimva kuti pofika 1914 anali munthu wodwala mphumu, maso akuvuta, ngongole zitamuzinga pa mishoni yake ya PIM ku Mbombwe. Kwa zaka zambiri atabwerako ku America mu 1900 sanali munthu wa nkhondo. Ankamanga sukulu ndi tchalitchi cha njerwa, kuphunzitsa anthu kuvala bwino ndi kulima. Zinamusintha ndi zimene ankaona tsiku ndi tsiku: thangata pa minda ya A.L. Bruce ku Magomero, matchalitchi ake a udzu kuwotchedwa, njala, ndiponso anyamata akutengedwa kukafera nkhondo ya azungu, zimene anazidandaula m'kalata yopita ku Nyasaland Times kumapeto kwa 1914. Kuukira kwa pa 23 January 1915 sikunakonzedwe mokwanira. Ku Mandala ku Blantyre anapezako mfuti zochepa chabe, magulu ena amene ankayembekezeka sanadzuke, azungu atatu anaphedwa kuphatikizapo William Jervis Livingstone amene anadulidwa mutu, ndipo pa 3 February Chilembwe anawomberedwa akuthawira cha ku Mulanje. Otsatira ake ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa. Ine ndikamaganiza za m'busa wodwala, wa ngongole, wa mkazi ndi ana, amene anafika poti basi zakwana, ulemu wanga pa iye umakula. Kulimba mtima kwa munthu wopanda mantha ndi kotchipa. Kwa munthu amene ali ndi zambiri zoti ataye ndiye kumalemera.

Apa pali msampha wina umene ndimauona makamaka mwa achinyamata. Munthu amene anakula akuuzidwa kuti ngwazi ilibe banga, tsiku limene adzamve banga loyamba amataya zonse. Amva kuti banja loyamba la Mandela linatha movuta, kapena kuti mgwirizano wa 1994 unasiya chuma m'manja mwa omwe aja, basi akuti anali wogulitsa. Amva kuti Gandhi, amene chiboliboli chake chili pa Gandhi Square m'tauni muno, ali loya wachinyamata kuno analemba mawu onyoza anthu akuda, basi akuti zonse zinali bodza. Mawu amenewo analembadi, ndipo achinyamata a ku Blantyre amene anapita kukhoti mu 2018 kukaletsa chiboliboli chake anali ndi mfundo. Koma kuchoka pa "anali woyera" n'kufika pa "onse ndi akuba" ndi ulendo waufupi kwambiri, ndipo mathero ake ndi amodzi: munthu amakhala pansi osachita kanthu. Woyamba akudikira mpulumutsi, wachiwiri watsimikiza kuti mpulumutsi kulibe ndiye palibe chifukwa chovutikira. Mandela mwini ankakana kutchedwa woyera mtima, ndipo ndikuganiza kuti ankaona ngozi imeneyi.

Chinanso chimene chiboliboli chimabisa ndi kuchuluka kwa anthu. Mutu umodzi susenza denga, timatero, koma mbiri timaiphunzitsa ngati denga lonse linasenzedwa ndi mutu umodzi. Mu January 1957 kampani ya mabasi itakweza mtengo ndi kobiri limodzi, anthu a ku Alexandra anakana kukwera. Anayenda wapansi makilomita pafupifupi 15 kupita ku tauni ndi enanso 15 pobwerera, kwa miyezi itatu, akunena kuti azikhwelwa, sitikwera. Anali ochapa, ophika, olondera, ndipo mtengo unabwerera pakale. Pa 16 June 1976 ku Soweto anali ana a sukulu. Hector Pieterson, amene anawomberedwa ndi apolisi tsiku limenelo, anali ndi zaka 12, ndipo mnyamata amene anamunyamula pa chithunzi chija, Mbuyisa Makhubo, anangoona mwana wagwa n'kumutola.

Kwathu n'chimodzimodzi. Amene anawomberedwa pa doko la Nkhata Bay pa 3 March 1959 anali anthu a m'midzi amene anapita kukafuna abale awo otsekeredwa mu sitima. Mu 1992 maepiskopi a Katolika analemba kalata yawo imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March, ndipo Chakufwa Chihana anamangidwa pa bwalo la ndege pa 6 April. Mayina amenewo timawadziwa. Koma kalatayo boma litailetsa, anaifalitsa ndi makalaliki ndi masekeletale amene ankaichulukitsa mobisa m'maofesi, podziwa kuti kupezeka nayo ndi ndende. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda mu msewu ku Zomba. Antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala mu May, ndipo anthu anafa m'misewu ya Blantyre. Pa 14 June 1993 pa referendamu, anthu 63 pa 100 alionse anavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Ambiri a iwo anali agogo athu amene anakhala zaka 30 akugula khadi la chipani mwamantha. Ndipo pa 3 February 2020, tsiku lomwe Chilembwe anafera zaka 105 m'mbuyomo, oweruza asanu anafafaniza chisankho cha Tippex, koma asanatero kunali miyezi ya anthu wamba m'misewu, ndi mamonita amene anasunga mapepala a zotsatira za pa malo awo ovotera.

Pali anthu ena amene sindinaonepo chiboliboli chawo pena paliponse, ndiwo agogo athu a Wenela. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya dziko lino. Mu April 1974 ndege yowanyamula inagwa ku Francistown ndipo Amalawi oposa 70 anafa. Golide amene anamanga mzinda uno anakumbidwa ndi manja awo pamodzi ndi a anzawo a ku Mozambique, Lesotho ndi Transkei, ndipo malata oyamba m'midzi yathu yambiri anagulidwa ndi ndalama za ku Theba. Ambiri anabwerera ndi chifuwa.

Tsono zonsezi zikutikhudza bwanji ife amene ambiri sitivota n'komwe kuno, ena mapepala anatha kalekale? Ndinamvapo m'bale wina akuti za unzika ndi za eni dziko, ife tinabwerera ganyu. Ndimamumvetsa. Munthu wopanda mapepala amaopa ngakhale kupita kupolisi akaberedwa. Koma Kadalie naye anali mlendo woopsezedwa kuthamangitsidwa. Ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu May 2008, chipolowe chodana ndi alendo chitayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, amene anabisa anzawo m'nyumba anali anthu wamba, ena a iwo eni dziko amene anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha neba. Nyumba ya Usindiso ku Marshalltown itapsa pa 31 August 2023 n'kupha anthu oposa 70, Amalawi ali m'gulumo, amene anayenda m'zipatala ndi m'mamotchale kuzindikira mitembo, kuimbira abale kumudzi ndi kusonkha za maliro anali anzathu a m'mashopu ndi m'magadeni, ataphonya ntchito tsiku limenelo. Palibe anawatuma. Ntchito imene anagwira ndi ya mtundu womwewo ndi imene Mayi Chibambo ankagwira poyenda khomo ndi khomo ku Zomba kusonkhanitsa amayi. Zimasiyana kukula kokha, ndipo Mayi Chibambo nawo poyamba sankadziwa kuti zawo zidzakula.

Ichi ndi chimene timaiwala tikamawerenga mbiri kuchokera kumapeto. Ife tikudziwa kuti Mandela anatuluka mu 1990, koma iye polowa m'ndende sankadziwa, pa mlandu wa Rivonia mu 1964 ankayembekezera chingwe. Mlembi amene ankachulukitsa kalata ya maepiskopi sankadziwa kuti kudzakhala referendamu. Onsewa ankachita zinthu ali mu mdima womwewu umene ife tilimo, akuopa kuchotsedwa ntchito, akuganiza za fizi ya ana, akukangana ndi akazi awo kapena amuna awo kuti bwanji ukudziika m'mavuto. Ambiri anayesa n'kulephera ndipo mayina awo anapita ndi mphepo.

Pa nyumba imene ndimakhala tilipo mabanja asanu ndi limodzi, Amalawi anayi ndi a ku Zimbabwe awiri. Madzi anadulidwa mwezi watha ngakhale tonse timalipira pamodzi ndi lendi, ndipo kwa masabata awiri tinkangodandaula pa mpopi wa aneba, aliyense akuti pakanakhala wina wolimba mtima akanakamufunsa landilodi. Lamlungu lapitali mayi wina wa ku Mangochi amene amagulitsa mandasi pa geti anabwera ndi kope la mwana wake la sukulu, n'kutiuza kuti aliyense alembe dzina, ndalama imene wakhala akulipira ndi tsiku lake. Manja awo ankanjenjemera potembenuza masamba, chifukwa pasipoti yawo inatha ndipo akudziwa kuti landilodi akudziwa. "Achimwene," anandiuza, "inu mumatha Chingerezi, mukayankhule ndinu, koma kope ndinyamula ndine." Tagwirizana kupita Loweruka m'mawa, tonse asanu ndi mmodzi.